Kusintha shafti ya Sienta pa Nchalo

Galimoto yodwala shafti ndimaimva isanaime n'komwe. Dalaivala akamakhota kuchoka mumsewu wa M1 kulowa pagalaja panga, kutsogolo n'kumalira kuti kha-kha-kha, ndimadziwiratu kuti CV joint yakunja, ya kuthayala, yatha. Ikamanjenjemera poponda mafuta, n'kusiya munthu akachotsa phazi, vuto limakhala mkati, kufupi ndi giyabokosi.

Zambiri zimene ndimakonza ndi ma Sienta ndi ma Probox onyamula anthu pakati pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Ambiri mwa iwo amakoka ndi mathayala akutsogolo, ndiye mphamvu yonse ya injini imadutsa m'mashafti awiri amenewa. Chitsulocho n'cholimba ndithu. Chimene chimachipha ndi kalabala kovindikira joint, kosunga girisi. Dzuwa la kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, limaumitsa labalayo mpaka kuchita ming'alu. Galimoto ikakhotera pa Thabwa kulowa msewu wa East Bank, mwala kapena kamtengo kamamaliza ntchito. Girisi amatuluka, mchenga umalowa, ndipo timipira tachitsulo tamkati timayamba kudya njira zake. Madzi atasefukira ndi namondwe Ana mu 2022, kenako Freddy mu 2023, galimoto zinkawoloka m'matope pamene msewu unaduka, ndipo miyezi yotsatira tinkatsegula ma joint odzaza phala la dothi la Shire.

Kumasula si kovuta kwa munthu wodziwa. Nati yaikulu yapakati ndimailegeza galimoto ikadali pansi, nditawongola kaye pamene anaipinda kuti isamasuke. Kenako jeke, ndipo pansi ndimaika chochirikiza, chifukwa mwana amene ndikumuphunzitsa sindimulola kulowetsa mutu pansi pa galimoto yodalira jeke yekha. Ndikachotsa thayala ndi mabawuti ogwira mwendo, ndimakankha shafti kuti ituluke mu habu. Ikakakamira, ndimabwezera nati yakale kumapeto n'kumenya pamenepo. Hamala ikagunda pachitsulo penipeni imaphwanya mazinga, nati osalowanso. Mbali ya giyabokosi ndimatema ndi chitsulo chophwatalala kamodzi, beseni lili pansi kuti liwakhe oyilo.

Pamene pagona ntchito yonse ndi pa cholowa m'malo. Kuno kuchigwa masitolo a zipangizo ndi ochepa, ndiye zambiri timaitanitsa ku Limbe kapena ku Ndirande, n'kutsika ndi minibasi. Wogulitsa amangomva kuti "ya Sienta" n'kutumiza. Koma ma Sienta sali amodzi: alipo akale ndi atsopano, ena okoka ndi mathayala onse anayi, ndipo shafti yakumanja ndi yaitali kuposa yakumanzere. N'chifukwa chake ikafika ndimaigoneka pa katoni pambali pa yakale. Ndimayeza kutalika. Ndimawerenga mano a mbali ya habu, limodzilimodzi, chikhadabo chikuyenda, nditaika choko pa dzino loyamba. Kenako a mbali ya giyabokosi. Ngati yakale ili ndi mkombero wa mano a ABS, nawonso ndimawerenga. Kusiyana dzino limodzi lokha, shaftiyo imabwerera kumtunda. Yaifupi pang'ono imalowa bwinobwino, koma tsiku lina idzasolola joint yamkati pa bampu, galimoto yodzaza anthu n'kungoima injini ikulira, mwina pokwera phiri la Chikwawa.

Madalaivala ambiri amati, "Amisiri, tangoikani joint yatsopano yotchipayo, mawa ndikhale pamsewu." Ndimawamvetsa, mwini galimoto amafuna ndalama yake madzulo aliwonse. Komabe ine ndimakonda shafti yathunthu yochotsa m'galimoto ina yochokera ku Japan, bola ndiigwire ndi manja anga, ndiipinde uku ndi uku ndimve ngati ikuseweramo. Ma joint ena otchipa chitsulo chake n'chofewa, labala wake sapirira dzuwa lathu. Ngakhale pa yogwiritsidwapo kale, labala akaoneka wouma ndimamusintha, n'kuthira girisi wakuda uja wa ma joint. Girisi wamba wa ma bearing samagwira ntchito imeneyi. Kumanga labala ndi waya kapena mphira ya chubu ndimakana, ndimaika malamba ake achitsulo.

Pobwezera ndimayang'ana kaye seal ya pagiyabokosi, chifukwa ikang'ambika oyilo amatha mwakachetechete ndipo giyabokosi ndi yodula kwambiri kuposa shafti. Kumapeto kwa shafti kuli kamphete kotseka. Ndimalunjika mano, n'kukankha mwamphamvu mpaka ndimve kuti thi, kenako ndimakoka pa joint yamkati kuona ngati yagwira. Nati yapakati imafuna kumangidwa pa mlingo wake, chifukwa yolegeza imapha bearing ya thayala. Oyilo amene anatayika ndimabwezera wa mtundu womwewo. Giyabokosi ya CVT sifuna oyilo wa automatic wamba.

Tikatsitsa, ndimakwera ndi dalaivala n'kuzungulira pabwalo chiwongolero chitakhotetsedwa mpaka kumapeto, kumanja kenako kumanzere, mawindo ali otsegula. Tikatero timalowa mumsewu kulowera ku Ngabu kuti aponde mafuta, ndipo pobwera ndimagwada kuona ngati pali dontho. Shafti yakale sinditaya. Nthawi zambiri joint yake yamkati imakhala idakali yabwino, ndiye ndimaitsuka ndi parafini, n'kulemba ndi penti mbali yake ndi chiwerengero cha mano, n'kuipachika pakhoma.