Kasos, chisumbu chodikira ana ake

Kum'mwera kwa dziko la Grécia, pakati pa zisumbu za Creta ndi Karpathos, pali kachisumbu kamiyala kotchedwa Kasos. Wochokera ku doko la Pireu, pafupi ndi Atenas, amagona m'sitima ya pamadzi usiku wathunthu, kukacha n'kupitirizabe ulendo. Mphepo ikakula, sitima imachedwa kapena osabwera n'komwe.

Midzi ya pa Kasos ilipo 5: Fry, pomwe pali doko, Agia Marina, Panagia, Poli ndi Arvanitochori. Anthu okhalapo chaka chonse angopitirira pang'ono 1,000. Nyengo yozizira mlendo amadutsa nyumba zikuluzikulu zotseka, mazenera ali phaa. Kiyi amakhala kwa gogo wa nyumba yoyandikana, amene amalowamo mwa apo ndi apo kukatsegula kuti mpweya upite. Pakhoma pali zithunzi za eni nyumba: wina atavala za woyendetsa sitima, wina ali pa ukwati ku Port Said.

Kodi anthuwa anapita kuti? Nthaka ya pa Kasos ndi youma, choncho kuyambira kale amuna amadya za m'nyanja. Mu 1824, pa nkhondo yofuna ufulu kwa Aturuki, asilikali a ku Egito anatera pachisumbupo, anapha amuna ambiri, akazi ndi ana n'kuwatenga ukapolo. Tsokali amalikumbukira chaka ndi chaka pa 7 Junho. Chodabwitsa n'chakuti ana a opulumukawo anakapeza ntchito ku Egito komweko, pokumba ngalande ya Suez imene inayambika mu 1859 n'kutsegulidwa mu 1869. Mabanja ambiri anakhazikika ku Port Said. Boma la Nasser litatenga ngalandeyo mu 1956, anayamba kumwazikanso, ena ku Atenas, ena ku América. Ulendo wotere si wa a pa Kasos okha: Agiriki ena anatsika mpaka ku Beira, kumene anamangako tchalitchi chawo.

Koma mwezi wa Agosto ukafika, zonse zimasintha. Sitima imatsitsa anthu ndi masutukesi, mazenera amatseguka, utsi n'kuyamba kufuka. Pa 15 Agosto pamakhala chikondwerero cha Maria Virigo ku Panagia. Amayi amakhala m'bwalo kukulunga mpunga ndi nyama yogaya m'masamba a mpesa, timitolo tating'ono ngati nsonga ya chala totchedwa dolmadakia. Amuna amaphika nyama ndi mpunga m'miphika ikuluikulu. Wobwera aliyense amadya, palibe womufunsa kuti ndi wa kwa yani. Kukada oimba amatenga lyra, kachipangizo ka nsambo zitatu kokwecha ngati kaligo, ndipo anthu amayankhana nyimbo zopeka pomwepo: wina kulira mbale amene anamwalira kunja, wina kulonjera amene wabwera. Gule amafika mpaka tambala.

Apa m'pamene mwana wobadwira ku New York amadziwira kwawo. Agiriki amapatsa mwana dzina la agogo ake, ndiye nkhalamba ikangomva dzinalo imadziwa nyumba yake, munda wake ndi manda a makolo ake. Mwanayo Chigiriki chake chingakhale chotsimphina, koma amamugwira mkono n'kumulowetsa m'gule, n'kumudyetsa makarounes, chakudya cha ufa wa tirigu chothira sitaka ya mkaka ndi anyezi wokazinga.

Nkhawa ya akuluakulu ili pomwepo. Amene anabadwira pa Kasos amabwera chifukwa mtima ukuwawa. Nanga adzukulu, amene anangomva nkhani, adzalipirabe ulendo wautali chotere? Nyumba yosowa woikonza denga siichedwa kugwa.

Setembro akamayamba, sitima imadzazanso. Otsala amaimirira padoko la Fry mpaka itazimiririka, kenaka gogo uja amakwera kumudzi, kiyi wa anzake ali m'thumba.