Gogo ndi Petulo wa M'chigubu

Njinga yanga yamoto ndi Honda CG125 yakalekale, imene ndinagula kwa mphunzitsi wina wopuma pantchito. Anzanga ku ofesi amaitcha Gogo. Sindikwiya nazo, pakuti iwo sanalipo usiku uja wa mu February 2012.

Nthawi imeneyo mafuta anali atasowa m'dziko muno kuyambira 2011. Ife a ku Neno tinkadalira petulo wa m'zigubu, amene mavenda ankati achokera naye ku Mozambique. Wina ankakhaladi petulo, koma wina anali wobatiza ndi parafini. Tsiku limenelo mlongo wanga anaimba foni kuti amayi adwalika kumudzi, cha ku Dambe. Ndinagula malita 3 kwa mnyamata wina pamsika, osanunkhiza n'komwe, ndipo ndinauyamba ulendo mvula ikuwaza.

Pokwera zitunda, injini inayamba kulira ngati misomali m'chitini. Tsopano ndikudziwa chifukwa chake. Petulo wosakaniza ndi parafini sapirira kupanikizidwa. Mbali ina imaphulika yokha nthawi isanakwane n'kumenya pisitoni. Mwayi wa injini zakalezi ndi wakuti sizipanikiza mafuta kwambiri, choncho zimangodandaula koma zikuyendabe. A Honda anatulutsa CG125 mu 1975 poganizira maiko osauka, kumene anthu sasintha oyilo m'nthawi yake. Kunena zoona, anaipangira anthu onga ine.

Kumudzi ndinafika. Zovuta zinadza pobwerera, amayi ali pakati, mphwanga atawagwira kumbuyo. Tili pakati pa phiri, Gogo anatsokomola kawiri n'kuzima. Mdima unali wandiweyani, ndipo thupi la amayi linkatentha mpaka ndinkalimva pamsana panga.

"Mwana wanga," anatero amayi motsitsa mawu, "kodi wodwala ndani pano, ine kapena chinthu chakochi?"

"Tadikirani pang'ono, amayi," ndinayankha, manja akunjenjemera.

Mphwanga anaunika ndi tochi ya foni. Pansi pa kabureta pali kasikuluu kotayira zotsalira. Nditakamasula, zimene zinagwera m'dzanja langa zinali madzi, dothi ndi petulo wochepa chabe. Madzi amalemera kuposa petulo, motero amadikha pansi penipeni pamene injini imayamwira. Komanso petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene anayamba kumutcheza ku Dwangwa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Chigubu chosatseka bwino m'dzinja chimangoonjezera vuto. Ndinachotsa pulagi, yakuda bii ndi mwaye, n'kuipala ndi kampeni. Nditaponda kachisanu, Gogo anadzuka. Ikanakhala njinga yamakono yopopa mafuta ndi magetsi, kampeni kanga sikakanathandiza kanthu.

Tinafika kuchipatala paboma atambala oyamba asanalire. Anali malungo, ndipo amayi anachira.

Koma Gogo sanatuluke waulere. Patatha miyezi ingapo anayamba kufuka utsi ndi kumwa oyilo. Makaniko wina pa Zalewa atamasula injini anandionetsa malingi otheratu, nandiuza kuti parafini wosapsa amatsuka oyilo m'silinda, zitsulo n'kumakhulana zouma. Theka la malipiro anga linathera pomwepo.

Mafuta atasowanso mu 2022 ndi mu 2024, ndinabwerera kwa mavenda, nanga ndikanapita kuti? Kungoti masiku ano ndimayamba ndathira petuloyo m'botolo loonekera, n'kudikira kuti madzi adikhe, kenaka n'kusefa ndi kansalu. Mavenda amandiseka. Amayi akandiona ndikubwera, amayamba afunsa za Gogo asanafunse za adzukulu awo.