Zilembo Zinayi Zonyenga

Mnyamata wina wa ku Embangweni, kummwera kwa boma la Mzimba, anaitanidwa kukayamba ntchito ya ukalaliki pa sitolo ina m'tauni ya Mzimba. Poyankha kalatayo, iye anafuna kulemba "accept", kutanthauza kuvomera, koma dzanja lake linalemba "except", kutanthauza kupatula. Atafika kusitoloko, anapeza kuti ntchito yaperekedwa kwa wina. Mwini sitolo anaganiza kuti kalaliki wosokoneza mawu angasokonezenso ndalama.

Mawu awiriwa amathera ndi zilembo zinayi zofanana, "cept", zochokera ku mawu a Chilatini otanthauza kutenga. Kusiyana kwagona kumayambiriro: "ac" amakokera chinthu kwa munthu, pamene "ex" amachitulutsira kunja. Izi sizachilendo, pakuti ngakhale m'Chichewa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika umalembedwa chimodzimodzi.

Pobwerera kwawo madzulo, mnyamatayo anakumbukira mphunzitsi wake wokalamba amene ankati: "Mwana wanga, mawu usamawaonere kumchira kokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Kuyambira tsikulo, sanatumizenso kalata asanatsegule mtanthauziramawu.