Moto Umene Ankauyesa Waung'ono

Sindinakwerepo sitima yoyenda pansi pa nthaka. Komabe siteshoni ya King's Cross St Pancras, ya mumzinda wa London, yakana kuchoka m'mutu mwanga chiwerengereni mbiri yake.

Siteshoniyi inatsegulidwa pa 10 Januwale 1863, tsiku limene njanji ya Metropolitan, yoyamba padziko lonse kudutsa pansi pa mzinda, inayamba kunyamula anthu pakati pa Paddington ndi Farringdon. Sitima zake zinali za malasha, ndipo utsi unkadzaza pansipo. Kenaka anakumba mozama. Njanji ya Piccadilly inafika mu 1906, imene lero imatchedwa Northern inafika mu 1907, ya Victoria mu 1968. Lero pamakumana njanji zisanu ndi imodzi, ndipo munthu amatsika sitima ina n'kukwera ina osaona dzuwa.

Usiku wa pa 18 Novembala 1987, machesi oyaka anagwera pa masitepe oyenda okha ochokera kunjanji ya Piccadilly. Masitepewo anali a matabwa, ndipo kunsi kwake kunali girisi ndi zinyalala zimene zinaunjikana kwa nthawi yaitali. Moto unayamba waung'ono. Mwadzidzidzi malawi anakwera masitepewo n'kudzaza malo ogulitsirapo matikiti. Anthu 31 anamwalira.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi zimene anapeza a Desmond Fennell, amene anatsogolera kafukufuku wa ngoziyi. Timoto ting'onoting'ono tinkabuka kawirikawiri pa masitepe otere, ndipo akuluakulu a njanji anali atatizolowera. Ogwira ntchito sanaphunzitsidwe mokwanira chochita moto ukabuka. Kusuta kunali kutaletsedwa kale pansipo, koma anthu ankayatsabe ndudu zawo akukwera masitepe. Ngoziyi itachitika ndi pamene anayamba kuchotsa masitepe a matabwa n'kuika achitsulo.

Mtima wozolowerawu ndimaudziwa. Kusekondale, m'chipinda chathu chogona munali soketi imene inkathetheka tikalumikiza simbi. Tinkangoseka n'kumati ndi mmene imachitira. Chaka chonse palibe anakanena kwa aphunzitsi, ine ndemwe. Sitinapse, koma sikuti tinachenjera ayi.

Posachedwa ndipatsidwa kalasi ya ana a eni. Ndikudzifunsa kuti ndi zingati zimene ndidzaziona tsiku ndi tsiku mpaka kusiya kuziona. Soketi ija ndinkaidutsa m'mawa uliwonse, ndipo ofesi ya aphunzitsi inali pafupi pomwepo.