Pakati pa chipatala ndi khomo la mwana

Sindine nesi, sindinenso dokotala. Mankhwala sindilemba, jakisoni sindibaya. Pakalata yanga ya ntchito panalembedwa kuti case manager, koma m'makomo momwe ndimayenda amangonditchula kuti anti a ku ofesi. Ndimagwira ntchito kubungwe lina laling'ono mumzinda wa Blantyre, ndipo anthu anga ndi achinyamata amene akudwala matenda a maganizo, kuyambira amene angotha kumene msinkhu mpaka amene adutsa pang'ono zaka 20.

Dokotala amaonana ndi mwana kwa mphindi zochepa pamwezi. Sikuti safuna kucheza naye, koma pabenchi panja pamakhala anthu ena ambiri akudikira. Masiku ena onse a mweziwo mwana amakhala kunyumba, kusukulu, pamsika, kutchalitchi kapena kumzikiti. Masiku amenewo ndiwo anga. Ana ambiri amene matenda amawabwerera sikuti analandira mankhwala olakwika. Amatayika panjira, pakati pa ofesi ina ndi inzake: chipatala chaganiza kuti banja likumusamala, banja laganiza kuti poti watuluka ndiye kuti wachira, sukulu nayo yamufufuta kale m'kaundula. Ine ndilipo kuti pakhale munthu mmodzi wodziwa komwe mwanayo ali sabata ino.

Ndikapatsidwa mwana watsopano, sindiyambira pa matenda. Ndimapita kwawo, ndikhale pamkeka, ndilonjerane ndi eni khomo mwaulemu wake, kenako ndifunse zinthu zooneka ngati zachabe. Akugona maola angati? Amagona chipinda chimodzi ndi ndani? Nsima akudya ndi anzake kapena payekha? Ndalama ya minibasi imachokera m'thumba la ndani? Ndimajambulanso mtundu wonse papepala, agogo, azakhali, amalume, kuti ndione mawu a ndani amamveka pabanjapo. Kuno kumwera, m'mabanja ambiri mukhoza kugwirizana zonse ndi mayi wa mwana, koma ngati malume ake, mwini mbumba, sanavomere, tsiku la kuchipatala likafika mudzamva kuti mwana anamutengera kumudzi. Choncho amalume ndimawafunafuna msanga, ngakhale palamya. Ndimati, "Bambo, mwanayu ndi wanu. Ine ndangobwera kudzathandiza, koma popanda inu sindingathe." Mawu amenewa ndimawanena ndi mtima wonse, chifukwa ndi oona.

Mwanayo ndimacheza naye payekha, nthawi zambiri tikuyenda kapena titakhala kuseri kwa nyumba. Mnyamata wa zaka 16 salankhula mukamuyang'ana m'maso muli kuseri kwa tebulo. Ndipo pali funso limodzi lomwe sindilizemba: "Kodi iwe, unayamba waganizapo zodzipha?" Makolo ambiri amaopa kuti funso lotere limamupatsa mwana maganizo amene analibe. Sizili choncho. Amene anali nawo kale maganizowo amapumira m'mwamba, poona kuti wapezeka wamkulu amene sakuthawa nkhaniyo. Akavomera, timalemba limodzi papepala: zizindikiro zomwe iye amaziona zinthu zikayamba kuipa, anthu amene angawauze, ndi komwe angathamangire usiku. Ndimapemphanso makolo kuti mankhwala a makoswe, a m'munda ndi mapiritsi onse azitsekeredwa, kiyi azikhala ndi munthu wamkulu. Chimene chimatilemetsa n'chakuti malamulo athu a milandu akhala akuwerenga kuyesa kudzipha ngati mlandu. Mabanja amabisa poopa apolisi, ndipo mwana amafika kwa ife mochedwa. Mwana wotere ndi wodwala, malo ake ndi kuchipatala.

Mankhwala ali ndi nkhani yawoyawo. Chlorpromazine ndi haloperidol amathandiza kwambiri mwana amene akumva mawu a anthu osaoneka kapena amene wasokonezeka, koma amatha kuumitsa khosi, kunjenjemeretsa manja, kutulutsa dovu ndi kugonetsa tulo tosatha. Mayi akaona mwana wake akuyenda ngati chidole, amataya mapiritsi m'chimbudzi, ndipo sindingawadzudzule ngati palibe anawachenjeza. Ndiye ndimawauziratu. "Amayi, mukaona khosi lauma, musasiye mankhwala. Mundiimbire, tipite naye akasinthe mlingo kapena akamupatse ena ofewetsa thupi." Kwa amene amaiwalaiwala kumwa, madokotala nthawi zina amasankha jakisoni wa fluphenazine wobaya kamodzi pa masabata angapo. Apo ntchito yanga ndi kusunga tsiku. Ndimayang'ana m'buku la kuchipatala, ndilembe tsikulo m'kope langa, ndiimbe lamya kutatsala masiku awiri. Nthawi zina timafika n'kupeza mankhwala atha. Pamenepo ndimayamba kuimbira anamwino amene ndimadziwana nawo m'zipatala zina, kufunsa komwe atsalako, chifukwa mwezi umodzi wopanda mankhwala ukhoza kugwetsa zonse zimene tamanga chaka chathunthu.

Malo ogonekako odwala matendawa ndi ochepa m'dziko muno. Chipatala chachikulu cha boma ndi cha Zomba Mental, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kuno ku Blantyre odwala ambiri amaonedwa kuchipatala cha Queens n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Kwa ine kutumiza mwana ku Zomba ndi njira yomaliza, pamene moyo wake kapena wa ena uli pachiswe. Akagonekedwa, ndimayamba kukonza za kubwerera kwake tsiku lomwelo limene walowa: adzagona pati, adzamulandira ndani, anzake adzauzidwa chiyani.

Asing'anga ndi aneneri sindilimbana nawo. Pafupifupi banja lililonse limafika kwa ife litadutsa kale kumeneko, ndipo ndikayamba kunyoza, khomo limatsekeka. Ndimati pempherani, inenso ndimapemphera, koma mapiritsi asaleke. Abusa ena ndi mashehe ena asanduka anzanga enieni pantchitoyi, amatitumizira ana okha. Pamene sindigonja ndi pa unyolo ndi chingwe. Mwana womangidwa pamtengo, womenyedwa kuti ziwanda zituluke, kapena womanidwa chakudya masiku angapo, ameneyo ndimakamunenera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu tsiku lomwelo, kaya banja lindikwiyire.

Kusukulu ndiko ndimathera nsapato. Mwana akachira, chimene amafunitsitsa si uphungu wanga ayi, amafuna kuvalanso yunifolomu ndi kulemba MSCE ngati anzake. Ndimakakhala mu ofesi ya ahedi, kufotokoza kuti mwanayu m'mawa azioneka waulesi chifukwa cha mankhwala, kuti tsiku lina pamwezi azijomba, kuti asamukhazike kutsogolo kwa asembule n'kulengeza za matenda ake. Ndimapempha mphunzitsi mmodzi yekha woti mwanayo azimuthamangira. Kupulaimale amayi a mother group amandithandiza kwambiri, chifukwa amadziwa khomo lililonse. Ana a khunyu nawonso amagwera m'manja mwathu, pakuti kuno khunyu limaonedwa kukiliniki imodzi ndi matenda a maganizo, ndipo mpaka lero ndimaphunzitsabe kuti khunyu silipatsirana, mwana akagwa mumugoneke chammbali, musamuike supuni m'kamwa.

Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anasintha ntchito yathu. Matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ana ambiri anapulumuka opanda bala, ndipo aliyense anati ali bwino. Patapita miyezi, mvula itayambanso, m'pamene tinayamba kuwalandira. Wina akangomva madontho padenga la malata amalowa pansi pa bedi. Wina, mtsikana wamkulu ndithu, anayambanso kukodza pogona. Wina anangosiya kulankhula. Makolo awo nawonso anali ndi chisoni chawo, ena alibe ngakhale manda oti akalirepo chifukwa mitembo sinapezeke. Ana amenewa ambiri sanafunike mapiritsi. Anafunika munthu wowafotokozera kuti mantha awo ali ndi chifukwa, kuwaphunzitsa kupuma pang'onopang'ono mtima ukayamba kuthamanga, ndi kuuza agogo kuti kumukalipira mwana wonyowetsa mphasa kumangowonjezera vuto. Ena mwa iwo ndimawayenderabe nyengo ya dzinja ikayandikira.

Mnyamata akasokonezeka, mudzi wonse umati ndi chamba. Nthawi zina n'zoona, chamba ndi kachasu zimadzutsa matenda ndipo zimawabweza. Koma yankho lofulumirali limatseka mafunso ena: anayamba kusuta chifukwa chiyani, ndani anamwalira, fizi inatha liti, ngongole ya kubetcha mpira yafika pati. Ndipo pamene tonse tikuthamangira mnyamata waphokoso, mtsikana wachete amene akungoonda n'kumadandaula mutu tsiku ndi tsiku palibe amamuona. Atsikana otere ndiwo amandisowetsa tulo. Kawirikawiri pansi pa kukhala chete kwawo pamakhala munthu wamkulu wapakhomo pomwepo amene akuwagwirira. Pachifukwa ichi, tsiku loyamba ndimamuuza mwana aliyense kuti zimene tikambirane ndi zachinsinsi, kupatula ngati wina akumupweteka kapena iye akufuna kudzipweteka. Zikatero timapita ku Chikwanekwane ku Queens, komwe achipatala, apolisi ndi a chisamaliro cha anthu amapezeka pamalo amodzi, mwana osafotokoza nkhani yake kambirimbiri. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lili kumbali yathu, ndipo ndimayenda nalo m'chikwama.

Madzulo ndi nthawi ya mafayilo. Chilichonse ndimalemba, kuti ine ndikadwala kapena kusamuka, wobwera pambuyo panga asayambirenso kumufunsa mwana zowawa zomwe ananena kale. Timakhalanso pansi ndi anzanga ndi mkulu wathu kukambirana nkhani zolemera, pakuti munthu sungasenze zonsezi wekha n'kukhalabe wothandiza.

Fayilo ndimaitseka pamene banja likukumbukira lokha tsiku la kuchipatala, mwana wabwerera kusukulu kapena wayamba kuphunzira ntchito yamanja, ndipo ali ndi wamkulu wina, osati ine, amene angamuuze zakukhosi. Ena amatenga miyezi, ena zaka, ena amabweranso ndipo timayambiranso popanda kuwachititsa manyazi.

Inu makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo, musadikire kuti mwana avule zovala pamsewu. Akasiya kugona, akasiya kudya, akamadzipatula kwa anzake kwa masabata angapo, kapena akayamba kulankhula zotsanzika, khalani naye pansi mumufunse, ndipo mupite naye kuchipatala chapafupi. Ngati simukudziwa poyambira, imbani 116, nambala yaulere ya Tithandizane yothandiza ana.