Pulogalamu ya mawu iyenere makina amene anthu ali nawo

Ndimalemba mapulogalamu ojambulira ndi kuseweretsa mawu pa Linux, kuno ku Mlare m'boma la Karonga. Ofuna mapulogalamu otere ndi makwaya a m'matchalitchi, anyamata a timasitudiyo ta m'nyumba, ndi okonza nkhani zoti zikaulutsidwe pa mawailesi ngati Tuntufye FM ndi Radio Dinosaur. Asanalembe kanthu, mmisiri amasankha njira imene mawu adzadzere kuchoka m'pulogalamu kukafika pa sipika. Ine ndimati asamangirire ntchito yake pa njira imodzi. Adzere pa PortAudio.

Njirazo zilipo zambiri chifukwa zinabwera mosanjikizana. OSS ya Hannu Savolainen ndiyo inayamba mu 1992. ALSA, imene Jaroslav Kysela anaiyamba mu 1998, inatenga malo ake mu kernel 2.6, ndipo mpaka lero ndiyo imalankhula ndi khadi ya mawu. Pamwamba pake panadza JACK ya akatswiri a m'situdiyo, kenako PulseAudio yosakaniza mawu a mapulogalamu angapo, ndipo tsopano PipeWire ya Wim Taymans, imene Fedora inaitenga mu 2021 ndi Ubuntu kumapeto kwa 2022. Wokhala ndi makina atsopano angolembera PipeWire n'kupumula. Kuno sizitero. Malaputopu ambiri ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo pokhala bandulo ya intaneti ndi yodula, mwini wake sasintha Linux imene ikumugwirira ntchito. Ubuntu 20.04 ndi 22.04 zikadali pa PulseAudio. Pulogalamu yodziwa PipeWire yokha ikafika pa makina otere imangokhala duu, ndipo wa kwaya sangadziwe kuti chavuta n'chiyani. PortAudio imakhala pakati: ndimalemba kamodzi, iyo n'kumalankhula ndi ALSA kapena JACK, ngakhalenso Windows ndi macOS. Audacity, imene ojambula ambiri amaidziwa, imadzera pomwepo.

Ena amati kuika chinthu pakati n'kulemetsa kompyuta yofooka kale, bola kulembera ALSA mwachindunji. Mfundoyi siyachabe, koma onani mtengo wake. Pulogalamu ikatsegula khadi mwachindunji imaigwira yokha, zina zonse zimatsekeredwa kunja. Mkonzi sangamvere kanema pa Firefox uku akujambula. Komanso kuchedwa kwa mawu sikuchokera kwenikweni ku PortAudio, kumachokera ku kukula kwa buffer, malo osungiramo mawu kwa kanthawi asanapite ku khadi. Pa 48,000 Hz, buffer ya masampulo 256 imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi oposa 5 pang'ono, ya 1,024 ndi mamilisekondi 21. Mukaichepetsa mopitirira pa makina akale, purosesa imalephera kuidzaza pa nthawi yake, mawu amadukaduka, chimene timati xrun. Wojambula kwaya kapena ng'oma za mapenenga ndi maikolofoni awiri sataya kanthu ndi mamilisekondi 21, koma xrun imodzi imaononga nyimbo imene anthu ayendera mtunda wautali kudzaimba. N'chifukwa chake ndimayamba ndi buffer yaikulu, n'kusiya mwayi woti wofuna aichepetse.

Pamene ndimavomera kupatuka pa PortAudio ndi pa woimba kiyibodi kapena gitala amene ayenera kudzimva nthawi yomweyo, kapena pamene mawu ayenera kuchoka m'pulogalamu ina kulowa mu ina, monga Ardour. Apo ndimalembera JACK, podziwa kuti PipeWire nayo imamva chilankhulo cha JACK, choncho ntchitoyo idzagwirabe mwini makina akadzasintha Linux yake.