Madisiki amene ndimakonza sagwirika ndi manja

Anthu akamva kuti ndimakonza madisiki a kompyuta amaganiza kuti ndimakhalira kumasula makina. Nthawi zina ndimatero, koma madisiki amene amandidyetsa nsima ndi mafayilo chabe. M'maofesi ambiri masiku ano muli seva imodzi yamphamvu, ndipo m'kati mwake mumayenda makompyuta ena angapo ongopangidwa ndi pulogalamu, amene ife timangoti ma VM. Ina imasunga maakaunti, ina maimelo, ina kaundula wa ogwira ntchito. VM iliyonse imaona ngati ili ndi disiki yakeyake, pomwe kwa seva yaikuluyo disiki yonseyo ndi fayilo chabe yoti mutha kuikopera kwina. Ntchito yanga ndi kukuza mafayilo amenewa akadzaza, kuwaphwetsa akatupa, ndi kuwasandutsa mtundu wina eni ake akafuna kusamuka.

Kampani iliyonse inapanga mtundu wake. VMware ili ndi VMDK. VirtualBox, imene inayambira ku kampani ya innotek ya ku Germany, n'kugulidwa ndi Sun mu 2008 kenako n'kugwera m'manja mwa Oracle mu 2010, ili ndi VDI. Microsoft inatenga VHD itagula Virtual PC kwa Connectix mu 2003, koma VHD sipitirira 2040 GB, n'chifukwa chake mu 2012 anabweretsa VHDX yofika 64 TB. Ndiye pali qcow2 ya QEMU, pulogalamu imene Fabrice Bellard wa ku France anaiyamba mu 2003. Mu QEMU momwemo ndi mmene munachokera chida chimene ndimachigwira kuposa zonse, qemu-img. N'chaulere, chilibe mabatani okongola, koma chimawerenga ndi kulemba mitundu yonse ndatchulayi.

Ndisanakhudze chilichonse ndimalemba qemu-img info ndi dzina la fayilo. Pamatuluka timizere tochepa, koma ine ndimatiwerenga modekha kwambiri. Pali virtual size, kukula kumene VM imauzidwa kuti disiki yake ili nako, ndi disk size, malo enieni amene fayiloyo yadya pa seva. Manambala awiriwa nthawi zambiri safanana. Disiki ya 200 GB itha kudya 45 GB yokha, chifukwa mafayilo ambiri otere amakula pang'onopang'ono malinga ndi zimene zalembedwamo. Pomwepo ndimaonanso ngati pali backing file, kutanthauza kuti fayilo imene ndagwirayi si yathunthu koma ikudalira inzake. Ndimaonanso mtundu weniweni, chifukwa dzina limanama: ndapezapo mafayilo olembedwa .img amene m'kati mwake ndi qcow2.

Chimene ndimafuna wophunzira aliyense achigwire msanga n'chakuti disiki ya VM ndi zinthu zitatu zokhala china m'kati mwa chinzake. Kunja kuli fayilo. M'kati mwake muli ma partition. M'kati mwa partition muli file system, dongosolo limene limadziwa pamene kalata iliyonse yasungidwa. Zili ngati amfumu akakuwonjezerani malo: malowo ndi anu ndithu, koma mpanda ukadali pakale, ndipo ngakhale mutausuntha, chimanga sichimera musanaunge mizere. Pokuza mumayambira kunja kulowa m'kati. Pochepetsa mumayambira m'kati kutuluka kunja. Ntchito yonseyi yagona pa kusasokoneza ndondomeko imeneyi.

Tiyeni ndikuonetseni mmene zimakhalira. Seva ya Linux yadzaza, pulogalamu ya maakaunti yakana kusunga. Ndimazimitsa VM kaye, kuzimitsa kwenikweni osati kuigoneka, chifukwa kusintha fayilo pamene VM ikulembamo n'kuiwononga. Ndimakopera fayilo yonse pa disiki ina. Kenako qemu-img resize, dzina la fayilo, +50G. Sipatha ndi mphindi yomwe. Ndikayatsa VM n'kulemba df -h, nambala imaoneka yakale yomweyo, ndipo ngati mwini ofesi waima kumbuyo kwanga, apa m'pamene amafunsa kuti, "Achimwene, zakanika?" Sizinakanike, mpanda sunasunthe. Ndimalemba growpart kuti partition itambasuke mpaka kumapeto, kenako resize2fs ngati ndi ext4, kapena xfs_growfs ngati ndi XFS. Pakakhala LVM pamawonjezeka masitepe awiri pakati, pvresize ndi lvextend. Ndikalembanso df -h, malo aja abwera.

Pali timisampha timene simungatione mpaka titakukolani. Disiki ya GPT imasunga kope lachiwiri la ndondomeko ya ma partition kumapeto kwenikweni kwa disiki. Mukaikuza, kopelo limatsala pakati, ndipo muyenera kulikankhira kumapeto kwatsopano ndi sgdisk -e. Disiki yakale ya MBR sidziwa kuwerenga kupitirira 2 TB, ngakhale fayilo mutaikuza bwanji. Pa Windows vuto limene ndimakumana nalo kawirikawiri ndi ka partition ka recovery kamene kamakhala kuseri kwa C:. Malo atsopano alipo, akuoneka ndithu mu Disk Management, koma Extend Volume ikukana kudinika chifukwa kapartitionko katsekereza njira. Pamenepo ndimadzutsa VM ndi GParted, chida chokonzera ma partition, n'kukasuntha kaye.

Koma ndikapatsidwa mpata wosankha, ndimakonda virt-resize, imodzi mwa zida za libguestfs zimene Richard Jones wa ku Red Hat anayamba kulemba mu 2009. Iyo sisintha disiki yakale. Mumapanga yatsopano yaikulu yopanda kanthu, iyo n'kukopera zonse, kukuza partition imene mwaiuza, ndi kusiya yakale ili chikhalire. Imatenga nthawi ndipo imafuna malo owirikiza, koma kuno kwathu, kumene magetsi atha kuzima ntchito ili m'kati, ubwino wake ndi waukulu. Magetsi akathima virt-resize kapena qemu-img convert ili pakati, chimene mwataya ndi nthawi basi. Mumafufuta yatsopanoyo n'kuyambiranso. Akathima GParted ikusuntha partition pa disiki yokhayo imene muli nayo, mutha kutaya ofesi yonse. Sindiyamba kusuntha partition ndisanaone ndi maso anga kuti UPS ili ndi moto komanso kuti jenereta ili ndi mafuta.

Kuchepetsa ndiye kumene ndimakana kawirikawiri. XFS, imene Red Hat inaisankha kukhala yokhazikika kuyambira pa RHEL 7, imakula koma sichepetsedwa. ext4 imalola, koma pokhapokha itatsekedwa. Ngakhale qemu-img imakana kudula fayilo mpaka mutalemba --shrink, chifukwa iyo imangodula kumapeto osafunsa chimene chili kumeneko. Ndipo ndikafunsitsa, ndimapeza kuti chimene munthu akufuna si disiki yaing'ono ayi, koma kuti fayilo isiye kudya malo pa seva. Iye wafufuta zinthu zambiri mu VM koma fayilo sinaphwe. Chifukwa chake n'chakuti kufufuta kumangochotsa dzina m'kaundula, zolembedwazo zimatsala pomwepo, ndipo seva yakunja sidziwa kuti ndi zinyalala. Mankhwala ake ndi kudzaza malo opanda ntchitowo ndi maziro: sdelete -z pa Windows, zerofree pa Linux, kapena virt-sparsify imene imachita zonse kuchokera kunja. Kenako qemu-img convert imalumpha mazirowo polemba fayilo yatsopano, ndipo mukawonjezera -c imaipanikizanso. Ngati fayiloyo iyenera kuyenda pa intaneti kuchoka ku Lilongwe kupita ku ofesi ya ku Mzuzu, kusiyana kwake kumaoneka pa ndalama za bandulo.

Ntchito yosandutsa yachuluka kuyambira pamene Broadcom inagula VMware mu November 2023 n'kusiya kugulitsa malaisensi ogula kamodzi. Maofesi ang'onoang'ono ambiri akusamukira ku Proxmox, yopangidwa ku Vienna, imene imayendera QEMU ndi KVM. Lamulo losandutsira n'lalifupi: qemu-img convert -p -f vmdk -O qcow2, fayilo yakale, fayilo yatsopano. Mwana wa sukulu atha kulilemba. Luso lili pa kudziwa fayilo yoti muloze. VMDK imodzi nthawi zambiri ndi mafayilo angapo: kakang'ono kongofotokoza, kena kakukulu kothera ndi -flat, kapena tizidutswa ta 2 GB tambirimbiri. Ngati panali snapshot, chithunzi cha mmene disiki inalili pa nthawi ina, pamakhalanso ina yothera ndi -000001, ndipo ntchito yonse imene yachitika chitengereni snapshot ili m'menemo. Mukasandutsa fayilo yoyamba yokha, VM idzadzuka bwinobwino, popanda chenjezo lililonse, koma ndi maakaunti a chaka chatha. Kumeneku ndiye kulakwa kumene ndimakuopa koposa, chifukwa sikulira.

Fayilo ikasandulika, ulendo sunathe. Windows imene inazolowera zipangizo za VMware ikaikidwa pa disiki ya virtio popanda madiraivala ake imagwa ndi sikirini yabuluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Ine ndimaikiratu madiraivala a virtio isanasamuke, kapena ndimaidzutsa kaye ngati SATA, n'kuikamo madiraivalawo, kenako n'kusintha. VM imene inkadzuka ndi UEFI singadzuke mutaipatsa BIOS yakale. virt-v2v imathandiza pa zambiri mwa izi yokha. Wopita ku Azure ayenera kudziwa kuti kumeneko amafuna VHD ya fixed, ndipo kukula kwake kugawike ndendende ndi 1 MB. Palinso makompyuta akale a pakona, oyendetsa pulogalamu imene amene anailemba anachoka kalekale; amenewo ndimawajambula ndi Disk2vhd adakali moyo, n'kuwasandutsa VM disiki yawo isanafe. Ntchito imeneyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa nthawi zambiri m'makina otere ndi mmene muli mbiri yonse ya bungwe.

Pomaliza ndimayendetsa qemu-img compare kuti ione ngati fayilo yakale ndi yatsopano zili ndi zofanana. Ndimadzutsa VM yatsopano netiweki itachotsedwa, kuti isalimbane ndi yakale. Kenako ndimaitana amene amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, osati abwana, n'kuwauza kuti, "Mayi, tatsegulani zimene munalemba dzulo madzulo." Iwo ndi amene amadziwa ngati lisiti lomaliza lilipo. Akavomera, fayilo yakale ndimaisungabe kwa kanthawi ndithu ndisanalole kuti ifufutidwe.

Inu amene muli ndi seva ku ofesi, katswiri wanu akakupemphani disiki yapadera yokoperapo ndi usiku umodzi woti makina akhale ozima, mupatseni. Ndipo mumufunse lero ngati pa seva yanu pali snapshot imene inaiwalika.